Buku lakale la a Zuze

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino anandipezera ndi azakhali anga a ku Limbe, amene nkhani za mtawuni siziwaphonya. Anamva kuti chipatala china chapulayiveti ku Sunnyside chikufuna namwino wa m'chipinda choyezera m'mimba, ndipo ine ndinathamangira ndisanadziwe n'komwe kuti endosikopu n'chiyani.

Ndi kapayipi kofewa, ka kamera kunsonga, kamene timalowetsa kukamwa mpaka m'chifu. Wodwala akakhala ndi chotupa cha madzi pa kapamba, dokotala amadutsitsa singano yopyapyala m'kapayipiko n'kukoka madzi pang'ono okayeza. Adokotala athu ankafuna kuti wodwala ayambe walandira antibayotiki m'dripi, kuopa kuti chotupacho chingagwire mafinya. Ine gawo langa linali kuika kanula, kasingano ka dripi ka pamkono, kufunsa mafunso ndi kutsegula dripiyo. Sisita Mwandira, akuluakulu anga, ankati, «Mwanawe, funsa ngati ukufunsa bambo ako.» Ndinkavomera ndi mutu, mtima uli pa liwiro, poti ndinkafuna azinditama kuti ndine wachangu.

Tsiku lina kunabwera a Zuze, bambo a ku Nsanje, ndi akazi awo. Anandipatsira buku la kuchipatala latsopano, losalembedwa kanthu.

«Alipo mankhwala amene amakudanani, bambo?»

«Ayi mayi, inu ndi amene mukudziwa. Chimene mupereke ife tilandira.»

Ndinachonga kuti palibe, n'kutsegula dripi.

Sipanathe nthawi, a Zuze anayamba kukanda khosi. Milomo inatupa, mpweya ukuchita kulira pachifuwa. Sisita anandikankha, kutseka dripi, kuwabaya jekeseni wa adirenalini pantchafu, uku akukuwa, «Okosijeni! Itana adokotala!» Ndinathamanga n'kuwaveka a Zuze masiki ya okosijeni. Mulungu yekha, mpweya unabwerera.

Nditatuluka kukauza mayi aja, anamasula mfundo ya chitenje n'kutulutsa buku lina, lofufuma, masamba atamatana ndi matope a madzi osefukira. Pa tsamba loyamba panali dzina la mankhwala omwe aja, lolembedwa ndi inki yofiira, lozunguliridwa kawiri, chenjezo lakuti amawadana.

«Tinagula latsopano ku Limbe m'mawa,» anatero, maso ali pansi. «Tinati chipatala cha mabwana ichi, ili atiseka nalo.»

Sindinawakalipire. Ndikanayambira pati, ine amene ndinaona munthu wa imvi ali ndi buku lopanda ngakhale malungo amodzi, osadabwa? Chinandipweteka koposa n'chakuti a Zuze atatsegula maso anati, «Pepani mayi, takuvutitsani.»

Patapita sabata ziwiri adokotala anawayeza osawapatsanso antibayotiki, ndipo anabwerera kwawo bwinobwino.

Mpaka lero, wodwala akandipatsa buku loyera, dripi sinditsegula. Ndimakhala pansi, n'kumuuza kuti langa la kunyumba linadyedwa ndi makoswe koma ndimayenda nalobe. Amaseka, kenako dzanja limapita m'chikwama.