Nyenje za m'khutu la amai

Mwachoma bwanji nonse.

Chizungulire chija chawagwiranso amai lero. Anali kuyanika zovala, ine nangomva beseni yagwa. Nawapeza akumbatira mtengo wa mango, akuti nthaka izungulira. Tathamangira ku kiliniki ku Chongwe. Adokotala akuti vuto lili mkati mwa khutu, n'chifukwa chake lakumanzere lija linaleka kumva. Atipatsa mankhwala, akuti mchere achepetse.

Pobwerera mu minibasi amai anangotseka maso. Nawafunsa ngati phokoso la m'khutu likali kuwavuta. Akuti, "Lisiye, mwanawe. Limalira ngati nyenje za kwathu ku Katete mvula ikayandikira. Nikatseka maso nimaona amama akusosa kumunda."

Ine nayang'ana pawindo kuti asaone misozi.

Manje afuna kupita kumudzi ku Katete kwa akulu awo. Nawauza kuti makona a msewu wa ku Luangwa mu basi azawadwalitsa. Aniyankha kuti, "Khutu latsala limodzi. Nifuna nikamve mawu a akulu anga lisanatseke nalo."

Ba Mabvuto, ba Tisa, abale anga, mukutipo bwanji? Ine kuwakaniza nalephera.