Ngale ya m'diso la amayi

Amayi anga anayamba kuthyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo ine ndisanabadwe. Manja awo ankaidziwa ntchitoyo okha: masamba awiri ndi kansonga, kuponya m'dengu la kumsana, osatembenuka n'komwe. Ndiye chaka chimene kapitawo anayamba kuwabwezera masamba pa sikelo, ati athyola okhwima ndi timitengo tomwe, ndinadziwa kuti vuto silili m'manja. Diso lawo lakumanja linali litayera pakati, ndipo lakumanzere linali litayamba kutsatira linzake.

Ine ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Chimaliro, ndipo ndili ndi matenda a aphunzitsi ambiri: ndimakhulupirira kuti munthu ukamufotokozera bwino amamva. Loweruka lina ndinawatengera ku kachipatala ka pa esiteti. Adokotala anawaunika ndi tochi n'kunena kuti ndi ng'ala. Anati pakatha milungu itatu kubwera madokotala a maso kuchipatala cha ku boma, galimoto idzatenga odwala pamsewu, ndipo ng'alayo amachotsa ulere. Mtima wanga unakhala pansi. Titafika pa mlatho wa kumunsi kwa fakitale, amayi anaima.

"Wamva zimene anena?" anandifunsa. "Akuti ndili ndi ngale."

"Ng'ala, amayi. Ng'a-la."

"Eya, ngale. Ndiye aichotse ulere? Atitumizire ndi galimoto yomwe? Iwe ndi sukulu yako yonseyo sukuonapo kanthu pamenepa?"

Amayi anakulira m'Chilomwe, ndipo Chichewa chawo chili ndi njira zake zachidule. Mawu awiriwa pakamwa pawo amatuluka ngati amodzi, ndipo m'makutu mwawo amalowa ngati amodzinso. Ngale ankaimva kutchalitchi kokha, komwe amaitchula limodzi ndi golide: kanthu koyera, kobulungira, ka mtengo wapatali. Akayang'ana pa kagalasi kawo kong'aluka ndi diso lomwe linkaonako, ankaona kanthu koyera, kobulungira. Ine ndinaseka pamlathopo mpaka kugwira chitsulo. Kuseka kumeneko kunandiwonongera zonse, chifukwa amayi ukawaseka amakhomerera pomwepo ngati msomali.

"Sindipita," anatero. "Akabere ena."

Milungu itatu imeneyo sindinakhale pansi. Ndikakhala kusukulu mtima unkakhala ku esiteti. Ndikafika ku esiteti tinkangokangana, n'kubwerera ndili wotupa. Kapitawo, munthu wosaipa mtima, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti wawabisa mokwanira. Akapanda kuona bwino ntchito itha, ndipo nyumba imene ankakhalamo ndi ya kampani: ntchito ikatha, kiyi amabweza. Mlungu womwewo amayi anagwera m'ngalande ya m'munda wa tiyi, dengu lili kumsana, n'kusupuka bondo. Atandiona ndikuyang'ana bondolo anati kunali mame.

Ndiye ndinaganiza zauphunzitsi. Ndinati ndikapeza kumene mawu akuti ngale anachokera ndi chimene amatanthauza kwenikweni, ndiwaonetsa kuti chinthucho sichimera m'diso la munthu. Ndinayambira kwa aphunzitsi anzanga. Wina anati ngale ndi dayimondi. Wina anati ndi mwala uliwonse wonyezimira, ngati miyala ija anyamata amakakumba kutsidya kwa malire. Ahedi anavula magalasi n'kunena kuti ngale ndi mwala wa mtengo wapatali, basi, ngati kuti ayankha. Ndinapita kwa mkulu wa mpingo wa amayi, iye anandiuza kuti zimenezo tikaziona kumwamba. Ndinapsa mtima. Mawu timawatchula kuyambira tili ana, timawaimba ndi m'kwaya momwe, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo chinthucho. Ngakhale mawu oti mtengo wapataliwo anayamba kundinyansa. Amanena zoona zake: mtengo wake uli patali, kumene wothyola tiyi sangafike.

Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anandilozera ku Thekerani, kwa bambo wina wachisilamu wogulitsa nsalu ndi mikanda, amene paunyamata wake ankayendetsa malole mpaka kunyanja yamchere. Ndinakwera njinga yamoto Loweruka m'mawa, msewu wokhotakhota uja, fumbi lili m'kamwa. Ndinawapeza akuyeza chitenje, kofia ili kumutu.

"Ngale, madamu? Ngale si mwala ayi," anatero. "Sakumba. Kumene mawuwo anachokera sindikudziwa, ndingakunamizeni. Anzathu a kugombe amati lulu. Koma chinthucho ndinachiona ndi maso angawa."

Anandifotokozera bwinobwino. Anati m'nyanja yamchere muli kanyama kokhala m'chigoba ngati nkhono. Kakachitsotso kakalowa m'mnofu mwake kamamva kuwawa, ndiye kamayamba kukakuta pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka kachitsotso kaja kasanduka kanthu koyera, kobulungira. Anthu amatsegula chigobacho n'kuchotsamo.

Ndinabwerera ndikumwetulira ndekha panjinga. Nyanja yamchere! Amayi sanaionepo, ndipo ku Thyolo kuno nyanja yathu ndi tiyi. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusenda chinangwa mopapasa, ndipo ndinawafotokozera zonse mwadongosolo ngati ndili kutsogolo kwa kalasi: chigoba, kachitsotso, kukuta, kuyera. Anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja.

"Ati kachitsotso kamalowa m'mnofu?"

"Eya."

"N'kumawawa?"

"Eya, amayi."

"N'kumakutidwa pang'onopang'ono mpaka kuyera?" Anaika mpeni pansi. "Zikomo aphunzitsi. Zaka zonsezi m'tiyi muja, zitsotso zingati zalowa m'diso muno? Ndimadabwatu kuti inabwera bwanji. Tsopano wandiuza."

Ndinali nditayenda ulendo wonsewo kukawatengera umboni wondigonjetsera ndekha. Ndinalalata, sindibisa. Ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti achita khungu chifukwa cha chilembo chimodzi, kuti akadzawatulutsa m'nyumba ya kampaniyo asadzandilirire. Anthu a nyumba zoyandikana anatuluka kudzamvera. Amayi anangotola mpeni wawo n'kupitiriza kusenda. Ndinachita manyazi, komanso mantha, chifukwa galimoto ija inali itatsala masiku asanu.

Tsiku lotsatira ndinabweranso nditasiya uphunzitsi wanga kunyumba. Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Chabwino amayi, ndi ngale. Nanga madokotala atachotsa n'kukupatsani m'manja mwanu?"

Anatembenukira kwa ine. "Angavomere amenewo?"

"Ndikawapempha."

"Ukaimirire pomwepo. Asakasinthe."

Lachinayi tinakwera galimoto ija pamodzi ndi nkhalamba zina za m'midzi yozungulira. Kuchipatala ndinatsatira namwino wina m'khonde n'kumufotokozera nkhani yonse, maso anga ali pansi. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anati ambiri amafuna kuona chimene chatuluka m'diso mwawo, ndipo palibe vuto. M'chipinda chochitira opaleshoni sanandilole kulowa, ndiye ndinayendayenda pakhondepo, kukafika kumpopi n'kubwerera, kukafika kumpopi n'kubwerera, mpaka mlonda anandiuza kuti ndikumuzunguza mutu. Amayi anatuluka diso lili lomata ndi bandeji, dzanja lawo litafumbata kabotolo kakang'ono. Sanakasiye ngakhale pakudya.

M'mawa mwake anawachotsa bandeji. Anaphethira kangapo, misozi ikutsika, kenako anandiyang'ana kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, imvi zimenezi unayamba liti?"

Odwala onse m'chipindamo anaseka, ine ndikulira. Kenako amayi anakweza kabotolo kaja kuloza kuwindo. M'madzi ake munali kanthu kofiirira, kophwatalala, kochepa kuposa nandolo mmodzi. Sikankanyezimira ngakhale pang'ono. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Anasintha?"

"Ayi amayi. Ndi komweko," anayankha namwino uja mofatsa.

Anakayang'anabe. Amayi si munthu wopusa, ndipo diso lawo linali litayamba kuona; sipanafunikenso mphunzitsi. Ndinaona nkhope yawo ikugwa, ndipo ine amene ndinkafunitsitsa kupambana mkanganowu sindinamve kukoma kulikonse. Tinatuluka panja n'kukhala pa benchi kudikira galimoto. Patali pankaoneka mapiri obiriwira ndi tiyi, ndipo ndinkati mwina anenapo kuti akuwaona bwino. Iwo maso anali pakabotolo.

"Sikuti ndimaopa mpeni wa adokotala," anatero. "Ndimasungira iwe. Ndimati tsiku limene ndidzafe, udzawauze achotse, ukagulitse, ugule kamalo. Agogo ako anafika kuno alibe munda, anafera m'nyumba ya kampani. Ine chimodzimodzi. Ndimati Mulungu wandikumbukira, wandibisira pamalo poti kapitawo sangalande."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze kuti ine ndili pantchito, kuti sindikusowa kanthu, kuti maso awo ndiwo ndimafuna. Zonsezo zinali zoona, koma sizinatuluke. Munthu ameneyu anali wokonzeka kuyenda mumdima zaka zake zonse zotsala, kumagwera m'ngalande, kuti ine ndidzakhale ndi poima, ndipo ine ndinamulalatira pamaso pa anthu chifukwa cha kalembedwe ka mawu.

Anandipatsira kabotoloko m'manja, n'kupinda zala zanga pamwamba pake ndi zala zawo zokhakhala zija.

"Tenga komweko," anatero. "Chinanso ndilibe."