Vidiyo yomwe ndinaposta osamufunsa

Anzanga, mwamuna uyu ndinakumana naye mu ma comment. Sekani, koma ndi zoona.

Nthawi imeneyo n'kuti nditangoyamba utolankhani. Abwana anandipatsa tsamba la Facebook la kuntchito kwathu kuti ndilidzutse. Linali ndi ma follower 600, ambiri mwa iwo abale athu omwe. Tsiku lililonse ndinkatsamiritsa foni pa mulu wa manyuzipepala akale, n'kuwerenga nkhani zitatu m'mphindi imodzi. Ma like? Asanu ndi awiri. Imodzi ya amayi anga.

Tsiku lina pansi pa vidiyo ya kusowa kwa madzi panabwera comment:

"Achemwali, milomo ikuyenda bwino, koma ife osamva tikungoona ngati mukutafuna chingamu."

Ndinapsa mtima kaye... kenako ndinaseka mpaka ofesi yonse kucheuka. Ndinamutsatira ku inbox.

"Ndiye nditani, bambo inu?"

"Zomwe mukunenazo muzilembanso pansi pa vidiyo. Zilembo zikuluzikulu. Muona."

M'mawa mwake ndinayesa. Maola awiri ndili khuma pa kompyuta, koma vidiyo ija anaishera anthu oposa 300! Si osamva okha ayi. A m'basi, a pamzere kuchipatala, amayi oopa kudzutsa mwana, onse amene amaonera foni itatsekedwa mawu.

"Iwe, wapita kwa sing'anga uti?" anatero abwana.

Loweruka ndinapita kukamuthokoza munthu wa comment uja. Anali kalipentala. Ndinamupeza m'kashedi kake akupala chitseko, utuchi mpaka m'nsidze, pensulo kukhutu. Anatola kachidutswa ka thabwa n'kulemba:

"Pa vidiyo mumaoneka wamtali."

Ndinamulanda pensulo. "Inunso pa comment mumaoneka wanzeru."

Anaseka mpaka kugwira benchi. Anzanga, mtima wanga unathera pomwepo.

Kuyambira apo anasanduka mkonzi wanga wachinsinsi. "Munthu akakulembera, muyankhe, ngakhale akhale wamwano ngati ine." "Usamaposte nthawi yoti anthu ali kalikiliki ndi ntchito, dikira aweruke." "Afunse zomwe akufuna kudziwa, iwe ukawafufuzire." Ndinayambitsa Funso Lanu Lachisanu lililonse. Wina anafunsa chifukwa chake zinyalala za pamsika sizikuchotsedwa, ine ulendo kukafunsa akuluakulu. Patapita masiku atatu galimoto inabwera kudzazichotsa. M'miyezi isanu tinafika 20,000!

Madzulo ndikaweruka ankandiphunzitsa chinenero chamanja. Tsiku loyamba kuyesa kumuuza kuti ndinamusowa, anandiyang'ana mwachisoni, n'kuthamangira kukagula nthochi. Kani ndinanena kuti ndili ndi njala. Ndinadya zonse zinayi chifukwa cha manyazi.

Ndiye linafika Loweruka lina.

Ndinalawirira kushedi. Ndinamupeza ali ndi achemwali ake aakulu, manja akuuluka, nkhope ikuwala. Liwiro lake ine sindinkatolapo kanthu, koma ankaoneka bwino kwabasi. Ndinajambula ndili pakhomo, masekondi makumi awiri okha, n'kuposta: "Aphunzitsi anga ali pantchito."

Ndisanamalize n'komwe kupereka moni, foni inayamba kunjenjemera.

"INDE! Muyankhe kuti inde!"

"Alamu athu eee!"

"Tiyambe kusoketsa?"

Ndinawerenganso ma comment aja, osamvetsa. Achemwali aja anayang'ana foni yawo, n'kumuonetsa. Kuwala konse kuja kunazima.

"Mlamu, ukudziwa zomwe wapostazi?" anandifunsa achemwaliwo. "Amandionetsa momwe akufunsire ukwati mawa. Milungu itatu akukonzekera. Anzake onse osamva amakutsatira, amva chilichonse."

Iye anatenga pensulo n'kulemba:

"Anthu olankhula pakamwa umayamba wawapempha usanawajambule. Manja angawa ndiye pakamwa panga."

Sanandiyang'anenso. Anabwerera ku chitseko chake.

Ndinaichotsa vidiyo ija ndili panjira, itaonedwa kale ndi anthu 9,000. Abwana anaimba nthawi yomweyo.

"Wachotseranji? Ikuyenda ngati moto imeneyo! Ibwezere!"

"Pepani bwana, si nkhani yathu."

Masiku anayi, zii. Ma message anga ankangowerengedwa. Kunena zoona anzanga, chomwe chinandipweteka si kukwiya kwake. Ndi kuzindikira kuti munthu amene anandiphunzitsa kulemekeza ma follower, ine ndinamusandutsa content.

Ndinapita kwa achemwali ake. "Ndiphunzitseni kupepesa. Osati kwa pensulo ayi, kwa manja." Anandibwerezetsa mpaka zala kuuma, akundiseka kuti ndikukhala ngati ndikuthamangitsa ntchentche.

Lachinayi ndinalowa m'shedi muja. Ndinatulutsa foni iye akuona, ndinaiponya m'bokosi lake la zida, n'kutseka. Kenako manja anga analankhula: "Ndinalakwa. Sindidzakujambulanso osakupempha. Undikhululukire."

Anandiyandikira. Kenako anagwira chala changa chachikulu n'kuchikhazika bwino. Mphunzitsi sasiya khalidwe lake! Ndinabwerezanso. Anagwedeza mutu, akulimbana ndi kumwetulira.

Ndiyeno anapukuta utuchi m'manja, n'kuyamba kulankhula ndi manjawo pang'onopang'ono, ngati akuyankhula ndi mwana. Ulendo uno ndinamva chilichonse, kuyambira poyamba mpaka pa funso lenilenilo.

Ndinayankha inde katatu. Kawiri ndi dzanja, kamodzi ndi kukuwa mpaka owotcherera zitsulo a pafupi anabwera kudzaona kuti kwagwanji.

Atolankhani anzanga, ma follower amabwera ukamawamvera. Koma munthu amene wakutsegulira mtima wake si wa pa tsamba, yamba wamufunsa. Nkhani inoyi waiwerenga iye kaye, wachotsamo mizere iwiri, yotsalayi wavomera.

Chithunzi cha tsiku limenelo musandipemphe, anzanga. Palibe. Foni inali m'bokosi.