Ndinakazinga nsomba za kuntchito kwa amuna anga

"Amake Tadala, nsomba zonsezi mufilijimu mukusungira ndani, anzanu tikufa ndi nkhuli?"

Anandifunsa choncho ndi anaPhiri, Mmalawi mnzanga amene tinkayang'anizana makomo ku Umoja, mumzinda wa Nairobi. Inu owerenga, mawu amenewa ndinawatsatira, ndipo zimene ndinachita zimandiwawabe mumtima mpaka lero.

Tinapita ku Kenya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mwana wathu Tadala ali kumsana. Amuna anga ankagwira ntchito ku bungwe lina loona za nsomba. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 6, choncho za ntchito yawo sindinkafunsa, ndinkaopa kuoneka mbuli. Koma tinkakhala bwino, abale. Ndimakumbukira chisanu cha mu Julaye, maminibasi otchedwa matatu akuliza mahutala, ine ndikunenerera mtengo wa ndiwo zamasamba zotchedwa sukuma m'Chiswahili changa chothyokathyoka, amayi a pamsika akuseka mpaka kundiwonjezera masamba.

Mwezi uliwonse bambo a Tadala ankakwera sitima kupita kunyanja yamchere, n'kubwerako ndi bokosi la ayezi. M'katimo munkakhala timajumbo ta nsomba zing'onozing'ono, kalikonse ndi kapepala kake kolemba ndi pensulo. Filiji ya kuofesi inali itafa, ndiye ankasunga kwathu. Ankangoti, "Izi ndi za kuntchito, musazikhudze." Ine n'kuti chabwino. Ndinazilambalala miyezi khumi ndi inayi.

Azimayi a ku Malawi tinali ndi mwambo wathu. Loweruka loyamba la mwezi tinkakumana panyumba ya mmodzi, kupemphera ndi kuimba, ndipo mwini nyumba ankayenera kuphika ndiwo yokumbutsa kumudzi. Anzathu a ku Kilimani, akazi a mabwana, ankaitanitsa chambo chouma pandege. Itakwana nthawi yanga ndinali ndi nyemba basi, bambo ali kunyanja. AnaPhiri anatsegula filiji kuti aikemo mkaka wawo, ndi pamene anafunsa funso lija.

Ndinawauza kuti ndi za kuntchito. Anawomba m'manja. "Iii, ofesi imadya nsomba? Amuna amatero kuti tisamalize msanga. Mukufuna a ku Kilimani akatiseke ndi nyemba?"

Mumtima ndinati nyanja ndi yaikulu, akatenga zina. Ndinayamba ndi timajumbo titatu, koma zitasungunuka zinangokhala kadzanja. Ndinawonjezera, ndinawonjezeranso, mpaka filiji mbee. Timapepala tija ndinaponya pambaula. Tinakazinga ndi tomato, anyezi ndi tsabola. Azimayi ananyambita zala, ndipo wina wa ku Kilimani anati ngakhale usipa suposa pamenepa. Sindinama, tsiku limenelo ndinadzimva kuti nanenso ndine munthu pakati pa anzanga.

Bambo atabwera anatsegula filiji kuti aikemo bokosi latsopano. Anapeza nsomba zija mulibe. Kenako anakhala pansi, pasimenti penipeni, n'kufunsa motsitsa mawu ngati timapepala tokha ndinatisunga. Nditapukusa mutu sanakalipe. Bola akanakalipa.

Tsiku lomwelo ndi pamene anandifotokozera ntchito yawo koyamba. Kugombeko kunali fakitale yopanga magetsi. Makina ake amatentha, ndiye amakoka madzi a m'nyanja ndi mapaipi akuluakulu kuti awaziziritse, kenako n'kuwabweza ali otentha. Tiana ta nsomba tinkakokedwa n'kufera pasefa wa paipi, tina tinkafa ndi madzi otenthawo pamalo pomwe nsomba zimaswana. Asodzi anali akulira. Kunali kutatsala masabata awiri kuti kuchitike msonkhano wa akuluakulu a boma, woti aone ngati aike lamulo lakuti fakitaleyo izikoka madzi pang'onopang'ono, iike sefa wothithikana, ndipo iziyamba yaziziritsa madzi m'dziwe isanawabweze. Akatswiri ankafuna kuona nsombazo ndi maso, kuziyeza, mwezi ndi mwezi. Umboni wonsewo ndi umene tinadyera m'mbale zanga.

Kumsonkhano bambo anapita ndi kope lawo la manambala lokha. Eni fakitale anati amenewo ndi manambala a munthu mmodzi, nanga nsomba zake zili kuti? Nkhani inaimitsidwa. Kwa mabwana awo bambo anangoti zinawonongeka kunyumba, dzina langa sanalitchule. Chaka chitatha sanawawonjezere nthawi ya ntchito.

Tisanabwerere kumudzi ananditenga kukaona nyanjayo. Inali yokongola kosaneneka, mitengo ya kokonati, mchenga woyera ngati ufa, Tadala akuthamangitsa tinkhanu. Pafupi ndi paipi ndinaviika dzanja m'madzi. Anali ofunda ngati osambitsa khanda. Msodzi wina wachikulire, amene ankathandiza bambo kutola nsomba zija mwezi uliwonse, anandipatsa moni ndi manja awiri. Anandionetsa dengu lake, munali nsomba zinayi zokha, n'kufunsa ngati lamulo lija layandikira. Chiswahili chimenecho ndinachimva bwinobwino, koma ndinachita ngati sindinamve.

Amayi anzanga, chinthu chimene mwauzidwa kuti musachikhudze, funsani chifukwa chake, musachite manyazi kuti sukulu inakuperewerani. Ndipo musalole kuti kuopa kusekedwa ndi anzanu kukutsogolereni dzanja. Inunso abambo, auzeni akazi anu zimene mukugwira. Bambo a Tadala amavomereza okha kuti akanandiuza mawu awiri okha, nsombazo ndikanazilondera ngati mwana.

Ngati lamulolo linadzaikidwa pambuyo pake, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa ndi chimene chinatayika: miyezi khumi ndi inayi ya thukuta la amuna anga, ntchito yawo, nyumba yathu ya ku Umoja, ndi mpata umodzi umene asodzi aja anali nawo woti amvedwe. Zonsezi pa nkhomaliro imodzi.