Khutu Lomwe Linandilowetsa Sukulu

Ndikukumbukira, ee, ndikukumbukira ngati dzulodzuloli, chaka chomwe khutu langa lakumanzere linandilowetsa sukulu. Musaseke msanga anthuni, dikirani ndifike pamenepo tisekere limodzi.

Zaka zanga panthawiyo sindikuzidziwa. Amayi ankangoti ndinabadwa mpunga ukucha, konkuno kwa Mwambo, kumene mphepo ya kunyanja ya Chilwa imabwera ndi fungo la matope ndi matemba. Ndinali kamtsikana kakafupi, mutu ngati dzungu, timikono tatifupi. Koma ntchito, aa, ntchito ndinkaitha!

Pakhomo pathu ndinali anthu awiri. Ikakhala ntchito, amayi ankati, "Esinati, ndiwe wamkulu iwe, bereka mlongo wakoyu. Esinati, wakula tsopano, kaingitse mpheta kumpunga." Ine uyo, Yohane wakhanda kumbuyo, matope m'mawondo, chitini m'manja, ngwe ngwe ngwe, mpaka mawu kusasa. Koma likaphikidwa dzira, kapena akabwera alendo ndi nkhani zokoma, mawu ankasintha: "Choka apa, ndiwe mwana. Ana sadya mazira, ana samvera za akulu." M'mawa wamkulu, masana mwana, madzulo wamkulunso.

Masiku amenewo kusukulu sankafunsa zaka, nanga ndani ankazidziwa? Aphunzitsi ankakuimika chilili, n'kukuuza kuti udutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu, ugwire khutu lakumanzere. Ukaligwira, lowa. Ukalephera, pita ukakule.

Chaka choyamba ndinapita ndi mnzanga Mwanaisha, wobadwa pambuyo panga koma wamtali ngati bango. Iye anangoti dzanja kwee, khutu gwi, walowa. Ine zala zanga zinasochera m'tsitsi. Aphunzitsi a Chikopa, bambo aatali oseka ndi mapewa, anapukusa mutu. "Ukadali mwana iwe. Ubwere chaka chamawa."

Ndinabwerera ndikulira, mwana wolira atabereka mwana wogona. Chaka chonsecho Mwanaisha ankadutsa m'mbali mwa mpunga akuimba za kusukulu, ndipo tsiku lina anandilembera dzina langa pamatope ndi kamtengo. Ndinaliyang'ana mpaka madzi analifufuta. Mtima wanga unapita nalo.

Kenaka kunabwera atsibweni a Mulima, achimwene awo a amayi, pabwato kuchokera kuchilumba cha Chisi. Kwathu kuno mawu a atsibweni pa ana a mlongo wawo ndiye omaliza. Anandipeza ndikusinja, nandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Achemwali, mwanayu wakula," anatero. "Alamu anu alibe wowathandiza kuyanika matemba. Sukulu ikamukananso, ndidzamtenga tsiku lomwelo."

Amayi anangowerama. "Tamva, achimwene."

Mayo ine! Mtsikana wopita kuchilumba mwa njira imeneyo sankabwerako mpaka atapeza banja. Choncho pakati pa ine ndi bwato panali chinthu chimodzi chokha: khutu.

Nzeru anabwera nayo ndi Mwanaisha. "Mphira amatalika pokoka," anatero. "Mkono nawo ndi chimodzimodzi." Tinayamba ntchito. Ine kulendewera panthambi ya mango ngati mleme, iye kundikoka miyendo. "Pirira, Esinati, ukutalika, ndikuona!" Tsiku lina nthambi inati thyo, tonse awiri pansi phu, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Madzi a kuchitsime ndinasiya kusenza, ndinkanyamula ndowa ndi dzanja lamanja, theka la madzi likuthera m'njira.

"Wapenga kodi? Ndowa amaika pamutu!" anakalipa amayi.

"Pamutu ayi, amayi. Mutu ungaphwatalale, khutu lingathawire kutali."

Amayi anatembenukira kukhoma, koma mapewa awo ankagwedezeka. Kutatsala pang'ono kuti sukulu itsekulidwe, anatenga lezala okha, osawapempha, n'kundimeta mpala wonyezimira. "Tsitsi nalo limadya malo," ananong'ona. Apo ndinadziwa mbali yomwe amayi anali.

Tsiku linafika. Amayi anali ndi ntchito kudimba, ndiye Yohane anali kumbuyo kwanga monga mwa masiku onse. Anali atakulako tsopano, ndipo anali ndi khalidwe loipa: akatopa kumbuyoko ankakoka chilichonse chomwe wachipeza, kaya mkanda, kaya tsitsi. Atsibweni anabwera nafe, bwato atalisiya padoko, naima pamthunzi manja kumbuyo ngati munthu wodikira katundu wake.

Tinafola pansi pa mkuyu. Mzere ukuyenda, mtima ukugunda, mzere ukuyenda, mtima ukugunda. "Wotsatira!"

Ndinaima njo. Ndinakweza dzanja. Zala zinatsetsereka pampala paja bwinobwino, kutsika, kutsika, kenaka zii. Zaima. Ndinatamula mkono mpaka phewa kulira, ndinaluma mlomo, ndinasiya kupuma. Khutu ndinkalimva kutentha kwake, pafupi penipeni, koma panatsala kampata koti nyerere n'kudutsa. Kumthunzi kuja atsibweni anatsokomola.

Ndiye Yohane! Yohane wanga, Mulungu amusunge kumene ali ku Songaniko ndi imvi zake! Anafuna tsitsi loti akoke, tsitsi palibe. Anangoti khutu lija gwi, n'kulikokera m'mwamba ndi mphamvu zake zonse. Khutu linakwera, chala chinatsika, zinakumana!

"Wabera! Wabera!" anafuula ana pamzere.

A Chikopa anaseka mpaka kutsamira mkuyu. "Iwe mtsikana, khutu lako limayenda lokha?"

"Ndi Yohane, aphunzitsi."

"Yohane ameneyu amamlera ndani?"

"Ine."

Sindikudziwa komwe kulimba mtima kunachokera, mwina khutu lowawalo ndi lomwe linatsekula pakamwa. Ndinagwada n'kuti, "Aphunzitsi, kunyumba akuti ndakula, ndipite ku Chisi. Kuno mukuti ndine mwana, ndikakule. Nanga ine ndikhale pati?"

A Chikopa anasiya kuseka, natembenukira kumthunzi. "Bambo, mwanayu ndi wanu?"

"Mphwanga ameneyu, mwana wa mlongo wanga."

"Inu mukumuona bwanji, wakula?"

Atsibweni anatukula chifuwa. "Wakula kalekale! Amasinja, amaphika, amalera, mpheta zonse za kuno zimamudziwa."

"Zikomo, mwandithandiza," anatero aphunzitsi. "Ine ndimafunsa khutu chifukwa eni ake mwana sadziwa zaka zake. Poti eni ake mwanena kuti wakula, alowe. Esinati, khala apo."

Atsibweni anavula chipewa, nakanda mutu, kenaka chiseko chinawaphulika. "Aphunzitsi, mwandikola ndi ukonde wanga womwe!" Analoza chala kwa ine. "Iwe, ukaphunzire ndithu. Ndikadzamva kuti ukusewera, bwato likudziwa njira." Anabwerera kuchilumba okha.

Ine pobwerera kunyumba sindinayende, ndinavina. Ndinavina m'njira, ndinavina pamzere wa mpunga, Yohane akudumphadumpha kumbuyo. Amayi atandiona patali anaponya khasu pansi, nthungululu lililili, mpheta zonse kuuluka popanda chitini!

Sukulu sindinapite nayo patali. Ndili Sitandade 3 nyanja inaphwa, njala inalowa, tinabalalika kukasaka maganyu, ndipo akulu anandivekanso ukulu. Koma dzina langa ndimalemba ndekha, nyimbo za kutchalitchi ndimaziwerenga ndekha, ndipo madzi sangazifufutenso zimenezo.

Chomwe ndikuchidziwa lero, nditakalamba, ndi ichi. Ubwana suli m'mafupa okha ayi. Tsiku lija mkono wanga unali womwewo, mutu womwewo, koma wina anaona wantchito, wina anaona khanda, wina anaona mwana wasukulu. Ubwana ndi chitenje: akulu ndi amene amakuveka, akulu omwewo ndi amene amakuvula, malinga ndi chomwe akufuna tsiku limenelo. Ndiye wogwira chitenjecho asamale.

Tsopano chili m'manja mwanga. Mdzukulu wanga Tiyamike, yemwe ndikumulera ine, ali Fomu 1, ndipo ndi wamtali kuposa Mwanaisha. Mwezi wathawu kunabwera amayi awiri ovala bwino, akuti mnyamata wawo ali ndi bwato la injini, akuti mtsikanayu wakula.

Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi, ndinaseka nawo. Kenaka ndinati, "Pepani amayi, ameneyu akadali mwana. Sanagwire khutu."

Anayang'anizana. "Agogo, mtsikana wamtali chonchi?"

"Ee," ndinatero, ndikuomba m'manja. "Khutu lake ndinalipachika ku Fomu 4. Akalifika, adzanena yekha."