Khonde la mabolodi awiri

Ku Area 3 kuli bambo ena ochokera kumpoto, amene abwera ndi ofesi yawo pamene likulu likusamuka kuchoka ku Zomba. Ali ndi digiri yachiwiri ya kaphunzitsidwe ka anthu akuluakulu, koma saitchula. Chawo n'kufunsa. Akapeza mmisiri akuyala njerwa amaima nati, "Munaphunzira bwanji zimenezi?" Kenako amalemba m'kabuku.

Loweruka masana amaphunzitsa kuwerenga pakhonde pawo. Mipando amaiika mozungulira, monga anaphunzirira kunja, kuti aliyense aziona nkhope ya mnzake.

Mayi Bernadetta, ogulitsa masamba, analowa nawo chifukwa mzinda watsopanowu ndi wa manambala okhaokha, ndipo ankasochera dengu lili pamutu mpaka masamba kufota. Sabata yachitatu anangosuzumira pageti nabwerera. Bambowo anawathamangira.

"Mayi, ndakulakwirani chiyani?"

"Palibe, aphunzitsi. Koma a Nasoni ayamba lerowo ndi akamwini anga. Ine ndiziyasamula kukamwa, a, e, i, iwo akundiyang'ana?"

Pa zaka ziwiri za maphunziro a digiri aja, palibe buku lomwe linatchulapo za apongozi. Bambowo anabwerera pakhonde natembenuza mpando wa a Nasoni kuti uyang'ane kumpanda.

"Nanga bolodi ndiliona bwanji?" anafunsa a Nasoni.

"Lero muphunzira ndi makutu, achimwene. Maso ndi a mayi."

Loweruka lotsatira anakhoma bolodi lachiwiri pampandapo. Tsopano mayi Bernadetta amafika ku Area 14 osafunsa njira, masamba akadali ndi mame.