Chotupa cha Pakhosi, Kuchokera ku Benga

Ndinanyamuka ku Benga m'mawa, chaka chimene zipani zinangochuluka kumene, nditazenga chitenje pakhosi ngati kuli chisanu, pamene unali mwezi wa Okutobala. Ndinkabisa chotupa chokula ngati dzira la bakha. Amuna anga anakana kundiperekeza. Ati, "Kondowole tikudya mbale imodzi, madzi ndi omwewo. Bwanji chatupa iwe wekha? Za kwanu zimenezo." Apongozi anali atayamba kale kutchula kamtsikana kena ka kutsidya kwa msewu koti kadzalowe m'malo mwanga.

Matola anali kapikapu kopanda chitseko chakumbuyo, makwacha khumi ndi asanu, mbuzi ulere. Anthu ankakangana za ndale ngati onse akhalapo nduna. Ine maso pansi.

Dzuwa litakwera tinaima pa mlatho wa Chia. Ogulitsa nsomba anatiunjirira, ndipo potambasula dzanja kuti ndilandire chambo chowotcha, chitenje chinagwa. Mwana wina analoza. Ndinalakalaka nditalowa pansi. Mayi wachikulire wovala mpango wachisilamu anangonditolera chitenjecho.

"Mwanawe, cha mchemwali wanga chinkaposa apa. Amuna sichiwagwira ichi, n'chathu."

Masana ndinali pachipatala cha ku boma. Adokotala anandigwira pakhosi n'kufunsa kuti chinangwa chowawa ndimaviika masiku angati. Ndinayankha mwakachetechete kuti kuyambira chilala chija ndimavuula chisanafewe bwino, poti ana sadikira.

"Ululu wake umatsalira mu ufa, mayi. Mchere wanunso ndi uja wopanda mankhwala. Nonse mukudya, inde, koma thupi la mkazi ndi la mwamuna sizilandira mofanana. Zimene timabadwa nazo m'magazi zimagwira ntchito mosiyana, ndipo chithokomiro cha mkazi, makamaka wobereka, chimafooka msanga. Si ufiti, si za kwanu."

Mtima unatsika pang'ono. Ndinayamba kukonza mawu okawauza amuna anga ndi apongozi omwe. Ndili pakhomo, adokotala anandiitananso.

"Kunyumba kuli ana aakazi?"

"Atatu."

"Mubwere nawo."

Pobwerera sindinafunde chitenje, ndinaiwala n'kuiwala. Msewu wonse ndinkangoona manja anga akugawa kondowole. Ndinafika ku Benga ana akusewera fulaye pabwalo, ndipo ndisanalonjere aliyense ndinaitana wamkulu, Esinati, n'kumuuza kuti akweze chibwano. Ndinamupapasa pakhosi. Kachotupa kanalipo, kakang'ono ngati nyemba.